Kutsitsa Matiresi M'phiri

Ntchito ya kwa Mmwenye ndinaipeza nditakula kale, manja atatopa ndi macheka a m'phiri. Mlamu wanga anali mlonda pasitolopo, ndiye anandinenera. Ndinali wonyamula katundu. Zida zanga zinali njinga yakeriyala ndi malamba a chubu.

Lamulo la sitolo linali lakuti wogula akapanda kukhutira ndi matiresi, abweze sabata isanathe, koma pulasitiki ikhale yosang'ambika. Okhuthala aja sitipinda, amathyoka mkati. Bwana anandiuza poyera kuti obwezedwa akaonongekera m'manja mwanga, ntchito yatha.

Tsiku lina anandituma pamwamba pa phiri, kunyumba za antchito a zankhalango. Mayi wina ankabweza matiresi amene anakwera nawo pa lole ya matabwa. Anati amuna awo akudzuka ndi msana. Nditafunsa ngati anawayesa pogula, anaseka. "Ine kugona m'sitolo, amuna akuona? Ndinangodina ndi chala, bambo."

Ndinawamanga chotambasula n'kuyamba kutsika ndikukankha njinga. Kunali chiperoni. Nkhungu inatseka msewu, mitengo ya paini ikulira. Pakona ina mphepo inalowa kunsi kwa matiresi n'kuwatukula ngati denga. Tayala lakumbuyo linachoka pansi. Njinga inandikokera kuphompho, nsapato zikuterereka pamiyala. Kunsiko sikunkaoneka kanthu, kuyera kokhakokha.

Wankhuni wina amene ankatsika pambuyo panga anakuwa kuti nditaye. Sindinataye. Ndinadzigwetsa pamwamba pa matiresiwo, njinga n'kugwa nane chammbali, mutu wanga uli m'mphepete mwenimweni. Wankhuniyo anandikoka miyendo.

"Madala, mufere bedi la eni?" anatero, akupuma mwabefu.

Tinatsika limodzi mpaka m'tauni, iye atagwira mbali ina.

Pulasitiki inali itang'ambika pangodya. Bwana anayamba wayang'ana pong'ambikapo, nthawi yaitali, kenako maondo anga amagazi. Ndinaima chilili, sindinapepese. Anati ndikasambe, mawa ndilawire.

Kuyambira pamenepo palibe wogula amene amatuluka ndi matiresi atangodina ndi chala. Ndimayala pansi kuseri kwa makabati, amuna ndimawatulutsa panja, n'kunena kuti: "Gonanipo, mayi, mutembenuke kawiri. Manyazi anu ine sindikawatenga kuphiri."