Malata a Pansi pa Bedi

Alamu anga amakonza maambulera. Akhala pakona ya msika zaka makumi awiri ndi zisanu, atapanira m'miyendo bokosi la mawaya, pulayala ndi tizitsulo tochotsa ku maambulera akufa. Anthu amangowaitana kuti a Ambulera. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti munthu wotchinjiriza mitu ya tauni yonse, kwake amavumbwa. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, denga lake ndi mapepala apulasitiki opsinja ndi miyala ndi matayala. Mvula ikayamba, achemwali anga, akazi awo, amayala mabeseni pansi ngati akugulitsa.

Musati ndi aulesi, ayi ndithu. Malata anagula. Ankagula limodzilimodzi, dzinja lililonse ntchito ikachuluka, mpaka anakwana nyumba yonse. Ndinkawakankhira ndine pawilibala, poti ndine kalipentala, ndipo ndinalonjeza kudzakhoma ulere. Koma malatawo sanakwere padenga. Analowa pansi pa bedi, mbali yotsalira kunja n'kuiphimba ndi chiguduli.

Chifukwa chake ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana wa mutu wogwira. Bungwe lina lakunja linkamulipirira sukulu yogonera komweko: fizi, yunifolomu, mabuku, zonse. Chaka chilichonse kunkabwera anthu a bungwelo, atavala zipewa zofanana, kudzaona ngati banjalo likadali losauka. Sankafunsa kuti mwadya kangati sabata ino. Ankayang'ana denga, pansi ndi chimbudzi, n'kujambula pafoni. Mayi wina woyandikana nawo anangoika simenti m'chipinda chimodzi, chaka chomwecho mwana wake anafufutidwa pamndandanda. Akuti banjalo laima palokha.

Alamu ataona zimenezo anandiuza kuti, "Alamu, hamala yanu isungeni kaye. Mwana amalize sukulu."

"Nanga achemwali angawa azivumbwa mpaka liti?" ndinafunsa.

"Zaka zinayi n'zingati? Walira mvula walira matope."

Mwambi anaupeza, koma matopewo anali kuchipinda kogona mlongo wanga.

Umphawi anauphunzira ngati ntchito. Akamva kuti a zipewa akubwera, wailesi inkabwera kwathu, mipando iwiri yabwino kwa aneba, iwo n'kuvala malaya othetheka kolala. Tsiku lina mlendo wochokera kunja komweko anakhala pabedi paja, malata n'kulira khwaa! Achemwali anatsokomola mwamphamvu kuti abise phokosolo. Mlendoyo maso anadzaza misozi, n'kulemba kuti mayi a m'nyumbamo akudwala. Atachoka tinaseka mpaka kugwira nthiti. Koma chifuwacho sichinali chonamizira. Chinyontho chinali chitawalowa kale, ndipo mpaka lero akamachokera kumpope amatula ndowa kawiri panjira.

Sindikunyoza chithandizo, mwanayo anaphunzira ndithu. Koma ndinkawauza alamu pamaso kuti chithandizo chimene chimakuthawa ukangodzutsa mutu chimakuphunzitsa kugona. Iwo ankangoweramira ambulera ya kasitomala.

Kutatsala chaka chimodzi kuti amalize, mtsikana anatulukira ndi sutikesi pakati pa teremu. Anabwera ndi kalata ya mizere isanu. Akuti bungwe latseka ntchito zake kuno, kwawoko zinthu zasintha, ndipo likuthokoza chifukwa cha mgwirizano wabwino. Mgwirizano! Palibe anabwera kudzaona denga. Alamu anapita ku ofesi yawo, anakapeza mlonda yekha ndi maenje awiri pamene panali chikwangwani. Anafuna kugulitsa malata aja, koma mtengo wake sukanakwana ngakhale teremu imodzi. Mtsikana anaika mabuku ake m'thumba lapulasitiki kuti asanyowe, n'kuyamba kusokerera nsalu za maambulera pambali pa bambo ake.

Mwezi watha, mitambo itayamba kuda, mtima unandipsa. Ndinanyamula makwerero, hamala ndi misomali, n'kukawapeza asananyamuke kupita kumsika.

"Alamu, lero tikukhoma. Wotizonda palibenso."

Sanatsutse. Tinasuntha bedi n'kukoka malata. Atatu apansi anali atadyeka ndi dzimbiri, enawo bwinobwino. Achemwali anayamba kutulutsa ziwiya panja akung'ung'udza kanyimbo, zimene ndinali ndisanamve kwa zaka. Alamu anakwera okha pamwamba, n'kuyamba kuponya pansi miyala ndi matayala, akundinena kuti makwerero anga ndi okalamba kuposa mwini wake.

Kenako mtsikana uja anatulukira akuthamanga kuchokera kumpope, ndowa ili gwa.

"Bambo, tsikani! Amalume, musakhome! Akuti kwabwera bungwe lina, Lachinayi likulemba mayina."

"Lolipira sukulu?" ndinafunsa.

"Kaya, amalume. Ena akuti ndi la mbuzi, ena akuti ndi la atsikana. Koma akadzaona malata sadzandilemba."

Ndinamuyang'ana mwana amene ankagonjetsa kalasi yonse pa masamu, atagwira makwerero anga ndi manja awiri. Ndinadikira kuti achemwali alankhule. Iwo anangowerama, n'kuyamba kubwezera ziwiya m'nyumba. Alamu ali pamwambapo analoza pansi.

"Alamu, tandipatsirani matayalawo."

Ndinaika hamala pansi, n'kuwapatsira.