Bere la Mwandida

Ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino tsiku limene ndinapeza alamu anga akupanga nazale ya fodya m'dimba lathu. Tinali titangometa kumene maliro a bambo a Tadala. Sanandikalipire ayi, anandipatsa moni bwinobwino, khasu lili m'manja, n'kupitiriza kugaula pomwe ine ndinkafuna kudzala mpiru. Madzulo ake apongozi anga anabwera pakhonde, ananyamula Yamikani, khanda langa, n'kumamusisita kumsana, kenako anati, "Mayi a Tadala, inu munabwera pachitengwa. Mindayi ndi ya ana a achemwali ake a malemu. Mvula isanagwe, kaoneni kwanu."

Kwathu kuti? Ine ndinabadwira pa esiteti ya fodya kufupi ndi Mponela, m'kanyumba ka atenanti, amayi anamwalira kale, esitetiyo inatha, tinyumba tija tinagwa. Ndinayang'ana Tadala akuphikira zidole zake zadothi, osadziwa kanthu, ndipo sindidziwa kuti linachokera kuti, koma ndinamva fungo la chigafa cha agogo Filipo.

Agogo Filipo anali malume a amayi anga, munthu wamfupi, wouma ngati chiputu, zala zakuda ndi utomoni wa fodya, wosaseka ndi ana. Ndikawakumbukira ndimamva fungo loyetsemulitsa lija la masamba opachikidwa m'chigafa, mphepo ikamawagwedeza n'kumalira tsokotsoko pamwamba pathu, ife tili pansi tikusoka fodya wamuwisi, manja akumatamata, nsabwe za fodya zikuyenda m'mikono. Anzanga ankasoka akuimba. Ine sankandilola.

"Iwe Esinati, yamba."

Ndiye ndinkayamba kutchula njira ya kumudzi kumene anachokera. "Ukatsika pa Kasakula, phiri likhale kudzanja lamanja. Uwoloke Tayamtondo. Udutse pa Mkuyu wa Nangondo. Ukwere mtunda mpaka pa Linga. Kuseri kwa Linga kuli manda athu, pamisuku."

"Tayamtondo chifukwa chiyani?"

"Chifukwa pothawa nkhondo ya Angoni akazi analemedwa, n'kutaya mitondo m'madzimo."

"Mkuyuwo?"

"Nangondo ali kamtsikana anabisidwa kumphako kwake."

"Linga?"

"Mpanda wadothi umene anaumba kuti adzitchinjirize."

Tikamaliza malo tinkalowa anthu. Nangondo anabala Mwandida. Mwandida anabala Ndaziona ndi Alefa. Ndaziona anabala Joyisi, ndiwo amayi anga. Joyisi anabala ine. Ndikalumpha dzina limodzi, zala zomata zija zinkafika pakhutu langa, n'kuyambiranso pa Kasakula.

Tsiku lina ndinafuna kuwasangalatsa, ndiye ndinati, "Mwandida anabala Ndaziona, Alefa ndi Filipo." Khutu langa linatentha mpaka madzulo. "Lichotsemo limenelo," anatero. "Dzina langa silingakupatse ngakhale mzere umodzi wa munda. Ukadzafika, udzatchule akazi."

Atenanti anzawo, ambiri a ku Mulanje ndi ku Phalombe, ankawaseka. "Madala, mwanayu mumuphunzitse masamu, osati mitsinje. Ngati kwanuko n'kokoma chonchi, bwanji osapitako nokha?" Agogo ankangolowetsa singano m'tsamba. Amayi ndi amene anadzandiuza tili kuchitsime kuti agogo Filipo ndiwo anakopa mlongo wawo Ndaziona kuti atsagane nawo ku esiteti, n'kulonjeza kumudzi kuti ndi chaka chimodzi chokha. Ndaziona anafera konko, anaikidwa m'manda a alendo, ndipo agogo analibenso nkhope yokaonekera nayo kwa Alefa. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona kuti ndikafika pa dzina la Alefa, singano yawo inkaima pang'ono.

Agogo Filipo anamwalira ndili sitandade faifi. Mayina aja ndinkangoti zinali zovuta za nkhalamba.

Sindinadikire mvula. M'mawa mwake ndinamanga zovala m'chitenje, Yamikani kumsana, Tadala kudzanja, minibasi mpaka ku Ntchisi, lole mpaka pa Kasakula. Njira yonse ndinkanong'ona, Tayamtondo, Mkuyu, Linga, kuopa kuti limodzi lingandithawe. Nditatsika ndinaika phiri kudzanja lamanja. Ndinafunsa anyamata a kabaza za Tayamtondo, anayang'anana. "Sisi, kuno kulibe zimenezo. Kuli pa Buliji, kuli pa Chigayo." Nanga ngati agogo ankangopeka? Nanga ana awa akagona kuti? Tadala anali atayamba kukoka phazi, akuti ludzu, ine ndikungoti tiye mwanawe, tiye, maso ali uku ndi uku.

Pa Bulijipo tinapeza mayi wachikulire akuchapa pamwala. Ndinagwada n'kufunsa.

"Tayamtondo?" anaseka. "Limenelo ndinalimva komaliza kwa amayi anga. Ndi madzi omwewa akumwa mwana wanuyu."

"Nanga Mkuyu wa Nangondo?"

"Anadula kalekale. Mukaona chitsa chachikulu, mbuzi zimagonapo."

Chitsacho tinachipeza, mbuzi zili pompo. Ndinachigwira ndi dzanja podutsa. Pamwamba pa mtunda panali kamzere kadothi kotukuka kozungulira, komera nkhadze, ndipo kuseri kwake ndinaona misuku.

Pamudzipo anatiyalira mphasa, anthu n'kusonkhana, kutiyang'ana kuyambira kumapazi. Bambo wina wa chipewa anati, "Mayi, masiku ano aliyense wofuna malo amati kwawo ndi kuno. Inu ndinu a bere la ndani?"

Ndinatseka maso, fungo la chigafa lija linabweranso, ndipo ndinayamba pa Kasakula pomwe, chifukwa sindinkatha kuyambira pakati. Ena anaseka nditatchula mitondo. Nditalowa mayina a anthu kuseka kunatha.

"Bwerezani pa Mwandida."

Anali agogo ena osaona, atakhala m'mbali akusenda mtedza m'lichero. Ndinabwereza. Mwandida anabala Ndaziona ndi Alefa.

"Alefayo ndine," anatero. "Anakuphunzitsa ndani?"

"Agogo Filipo."

"Alipo?"

"Anatisiya. A Ndaziona nawonso."

Manja awo anakhala duu m'licheromo. "Wabodza uja," anatero motsitsa. "Anati chaka chimodzi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anatambasula manja. "Bweretsa anawo ndiwagwire."

Anatipatsa gawo la Ndaziona, m'munsi mwa Linga, lomwe linali litamera tchire chifukwa agogo Alefa ankakaniza aliyense kulilima. Zitsa ndinazula ndekha. Mantha sanandithere, nthawi zina ndikaona munthu akuyenda m'malire a munda ndimaimika khasu n'kumuyang'ana mpaka atadutsa. Koma ana anga akugona m'nyumba imene palibe adzawauze kuti kaoneni kwanu.

Tikamapalira ndimati, "Iwe Tadala, yamba." Amanyinyirika ngati mmene ndinkachitira ine. Ndimamuphunzitsa mayina onse awiri, Tayamtondo ndi pa Buliji, Mkuyu ndi pachitsa, kuti asadzasochere ngati atadzatengedwa kutali. Akafika pa Mwandida amati anabala Ndaziona, Alefa ndi Filipo. Dzinalo ndinalibwezeramo, ndipo khutu la mwana wanga palibe amalikoka.