Buku Lokulungira Mandasi

Nditangomaliza mayeso a Fomu 4, amayi anati kugona mpaka dzuwa lifike paliwombo si ntchito. Ananditumiza ku malire kwa azakhali, amene ankagulitsa mandasi kwa madalaivala a mathiraki.

Azakhaliwo ankakulunga mandasi m'masamba a buku lina lachingerezi lopanda chikuto, lonenepa ngati njerwa zitatu. Tsiku lina ndinawerengako tsamba limodzi, kungofuna kudzionetsa kuti ndinapita kusukulu. Basi, ndinakodwa. Inali nkhani ya agogo ena achiyuda, atelala, amene ali mnyamata analekanitsidwa ndi chibwenzi chawo pa siteshoni ya sitima, nthawi imene Ayuda ankasakidwa ndi kuphedwa ku Ulaya. Chaka chilichonse ankasoka diresi ya msinkhu wa mtsikanayo, kuopa kumuiwala. Ndinalira mpaka mtsinje wa Mwanza unasefukira.

Vuto linali lakuti azakhali ankang'amba mofulumira kuposa mmene ine ndinkawerengera. Mutu wathunthu unapita ku Tete ndi dalaivala wina wanjala. Wina ndinamuthamangira mpaka pageti, pang'onong'ono ndikanalowa Mozambiki wopanda pasipoti.

"Achimwene, mandasiwo idyani, koma pepalalo ndipatseni."

Ndinayamba kuwafotokozera azakhali nkhaniyo kuti mwina andimvere chisoni.

"Iwe, makasitomala akudikira. Ayuda akowo agula mandasi?" Koma pakapita kanthawi, uku akutembenuza mandasi m'mafuta: "Ndiye atelalawo amupeza?"

Nditafika kumapeto, tsamba lomaliza panalibe. Ndinalengeza kuti ndikufa, ayambiretu kundikhomera bokosi.

Azakhali anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa pepala lopindapinda. "Ndinabisa dzana, lingapite ku Tete. Werenga, koma usathiremo mchere wako uja."

Ndinawerenga. Agogo aja anangopeza manda a chibwenzi chawo chija. Sanaike nkhata ya maluwa ngati kwathu kuno. Anatola kamwala n'kukaika pamwamba, monga amachitira Ayuda, poti mwala sufota.

Ndikanatha kunama kuti anakumana, anakwatirana, n'kubereka ana odzaza basi. Luso limenelo ndili nalo. Koma ndinanena mmene zinalili.

Azakhali anaiwala mandasi m'mafuta mpaka anapserera. Kenako anapindanso pepalalo n'kulibweza m'chitenje.

"Nanga madiresi onse aja anapita nawo kuti?"

"Zimenezo zili ku Tete, azakhali."