Njinga ya Lonjezo

Ndinadzuka kusanache, khosi likuwawa chifukwa ndinagona chotsamira mzati wa chigafa cha fodya momwe amuna tinachezera. Mvula inali itavumba usiku wonse, ndipo amayi oimba m'nyumba ya siwa anali atasasa mawu. Tsikuli tinkaika Lonjezo, mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Lonjezo anabadwa bwinobwino. Atayamba sukulu anayamba kumangogwa, kenako miyendo inakana, manja anatsatira, pomaliza chifuwa. Tinazungulira kwa asing'anga ndi kumapemphero mpaka dokotala wina ku Lilongwe anatiuza mosabisa kuti ndi matenda osowa ofooketsa minofu, oyenda m'magazi a kuchikazi n'kumagwira ana aamuna, ndipo alibe mankhwala. Bambo ake atamva zoti n'za kuchikazi anapezerapo pothawira. Anati akukafuna utenanti ku esiteti ya fodya, mpaka lero akadafunabe. Ine malume wake ndinasanduka miyendo ya mwanayo, kumubereka kupita kusukulu ndi kuchimbudzi, mpaka anthu a mpingo wina anatipezera njinga ya olumala titadikira nthawi yaitali.

Njingayo ndiyo inandisowetsa mtendere m'mawa umenewo. Akuluakulu a pamtundu anali atagwirizana kuti ipite kumanda limodzi ndi mphasa, mbale ndi kapu yake, monga timachitira ndi zinthu za malemu. Adzukulu, omwe amakumba manda, akaiphwanye n'kuikwirira kuti matenda asatsale pakhomo. Koma ine ndinkadziwa kuti anatsala kale. Mng'ono wake Yamikani, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali atayamba kuyenda ndi zala za kumapazi monga ankachitira Lonjezo, ndipo kuno kwathu kumapiri a Ntchisi njinga yotere sumaipeza kawiri.

Ndikanatha kuletsa, pakuti mwini mbumba ndine. Koma kuletsa kunali kulengeza pagulu kuti mwana wachiwiri ali m'njira yomweyo, mayi wake atakhala pambali pa bokosi la woyamba. Mlongo wanga nkhaniyo sankafuna n'kuimva komwe. Tsiku lina nditaiyamba anandiuza kuti Yamikani ndi waulesi chabe, ndipo anandinyanyala mpaka titamaliza kupalira. Ine ndine wapakamwa, onse amadziwa, koma apa ndinachita mantha.

Kutacha, amayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unangoti tolo pabwalo ponse, anthu n'kumapukuta maso osadziwika olira ndi ongotsamwa. Abale a kwa Chisepo ndi ku Bowe anafika matope ali m'mawondo, atasiya galimoto itatitimira kumunsi kwa chitunda. Panabweranso ana asukulu ndi mphunzitsi wawo. Ena mwa omwe ankalira mokweza ndi omwewo ankaletsa ana awo kudya mbale imodzi ndi Lonjezo. Ndinawapatsa moni, koma mtima unkandiwira.

Akwaya akuimba, Yamikani anatumidwa kukapereka chikho kwa ophika. Anaterereka pakati pa bwalo, moyang'anana ndi khomo la siwa. Ana ena akagwa amangodzambatuka. Iye anagwada, anatsamiza manja pansi, kenako pamawondo, kenako pantchafu, kudzikwera yekha pang'onopang'ono ngati munthu wokwera mtengo. Lonjezo ankadzuka choncho. Nditayang'ana m'nyumba ndinaona mlongo wanga atasiya kulira, maso ali pa mwanayo.

Mwambo utatha tinanyamuka. Njira ya kumanda ndi yotsetsereka, ndipo onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi chifukwa cha matope. Kumbuyo kwawo mdzukulu wina ankakankha njinga, atakwezamo mphasa, mbale ndi kapu. Gudumu lake lakumanzere linkalira monga linkalirira m'mawa uliwonse popita kusukulu. Kamvula kowaza kanayambiranso.

Bokosi litatsika, adzukulu anaponyamo mphasa, n'kuboola mbale ndi kapu. Mkulu wa adzukulu anagoneka njinga m'mbali mwa dzenje, anatenga nkhwangwa n'kundiyang'ana kuti ndivomereze. Ndinayang'ana pansi ngati mwana wolakwa.

Ndipo ndinamva mawu a mlongo wanga kuchokera komwe kunakhala amayi, osakweza, koma onse anamva.

"Achimwene, auzeni asiye. Ili ndi mwini wake."

Mayi wina wachikulire anayamba kung'ung'udza kuti tikubwezera tsoka m'mudzi. Apo pakamwa panga panatseguka. Ndinamuuza kuti tsokalo tinabadwa nalo tonse a pamtundu, silikhala m'chitsulo, ndipo ngati pali mlandu ndidzausenza ine. Mdzukuluyo anatsitsa nkhwangwa. Atamaliza kukwirira ndinaikankha ndekha njingayo kukwera chitunda, yopanda munthu, ndipo anthu ankapatuka m'njira kuti isawakhudze.

Pofika madzulo ambiri anali atabalalika, kuthamangira mitsinje isanadzaze. Panatsala mafuwa akuda, mabenchi a kutchalitchi ndi amayi ochepa ogona pasiwa. Yamikani ankasewera yekha pakhonde ndi zitsekerero za mabotolo. Mlongo wanga ndinamupeza kuchipinda cha Lonjezo atagwada, akuchotsa matope a kumanda m'magudumu ndi kamtengo. Sanatembenuke.

"Achimwene, mukapita ku Boma mukapeze wowotcherera akweze chopondera mapazichi," anatero. "Miyendo ya uyu ikadali yaifupi."

Ndinavomera. Kenako ndinatuluka kudzera khomo lakuseri kuti mwanayo asandione nkhope.