Nthochi M'dimba la Anambewe

Ndikati ndikumbukire agogo anga Anambewe, limayamba kundifika ndi fungo la mphasa yokhalitsa pansi, losakanikirana ndi utsi wa zitsononkho ndi mafuta a nsatsi amene amayi ankawapaka m'chiuno m'mawa uliwonse. Tinkakhala kuseri kwa Nsaru. Asanagone pamphasa imeneyo, agogo anali munthu wosadziwa kukhala pansi: kukamacha ali chiweramire m'mizere ya mtedza ndi kakhasu ka mpini waufupi, dzuwa likakwera musi ukugunda pamtondo, madzulo ali kudambo akutunga madzi ndi ndowa n'kumathirira mpiru ndi anyezi. Dimba limenelo linali lawolawo, lowasiyira amayi awo.

Msana unawagwira akukweza thumba la mtedza pangolo. Anawerama miyendo ili chiwongokere, nanyamula, napotoloka, ndiye tinangomva, "Mayo ine!" Anachita kuwanyamula kukawagoneka m'nyumba.

Azimayi a kumpingo anabwera kudzapemphera, ena ankanong'onezana zoti wina wawatchera panjira. Koma wosaphonya kudzazonda anali mlamu wawo, a Chikaoneka, bambo wa mawu ofewa amene ankavula chipewa akadali kutali.

"Gonani, mlamu," ankatero atanjuta pakhomo. "Musayerekeze kudzuka, msana sufuna masewera. Za kudimba musade nazo nkhawa, ife tilipo."

Agogo anagonadi. Ine ntchito yanga inali yowaponda pamsana, monga ankachitira ana onse masiku amenewo. Ankagona chafufumimba, ine nditagwira khoma, ndikuyenda ndi timapazi tanga kuchokera m'mapewa kutsikira m'chiuno.

"Tsika pang'ono, Esinati. Apo! Ponda ngati wadya, iwe."

Miyezi inapita. Ululu sunachoke, ndipo miyendo yawo inawonda mpaka ndinkaona mafupa a m'mawondo. Tsiku lina ndili pamsana pomwepo anandinong'oneza kuti, "Popita kotunga madzi ukadzere kudimba. Usakafunse munthu. Ukangoona."

Ndinadzerako. Mpiru kunalibe. M'mphepete monse a Chikaoneka anali atabzala ana a nthochi, atawathira ndi manyowa omwe. Pokhala mwana, ndinabwera ndikudumphadumpha.

"Agogo, tidzadya nthochi!"

Anayankha diso lili kudenga.

"Wokusungira dimba amabzala mpiru, woti mwezi ukatha wazula. Wobzala nthochi alibe ganizo lochoka. Ndipatse musi."

Musiwo unasanduka ndodo yawo. Poyamba anangoimirira basi, thukuta kamukamu, miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Kenako anafika pakhomo. Patapita masiku anagwira nkhokwe, kenako mtengo wa mango wa kuseri. Amayi ankawatsatira m'mbuyo akulira kuti, "Mudzithyola, amayi!" Iwo osacheuka. Chinkandidabwitsa n'chakuti pamene ankawonjezera mtunda, kubuula kwawo kunkachepa.

A Chikaoneka anawapeza pabwalo. "Aa, mlamu, mukudzizunziranji chonchi?"

"Ndikuwongola miyendo, alamu. Mphasa yanditopetsa."

M'mawa umene tinafika kudambo, mame anali asanaume. Agogo anakhala pansi n'kumakhwekhwereza thupi kuchoka paphando ili kupita palina, ine ndikukumba m'mbali, iwo akuzula ndi manja. Ana a nthochi onse tinawaunjika panjira.

"Kawauze alamu adzatenge mbewu zawo zisanafote. Ukanene mwaulemu, ukagwade."

Anadzatengadi, ndipo kuzonda kunathera pomwepo. Msana wa agogo sunawongokenso bwinobwino. Anayenda chowerama mpaka imfa, koma anyezi ankathirira okha.

Lero ndine gogo nanenso, ndipo chaka chatha msana wanga unandigwira ndikutula ndowa. Mwana wanga ananditengera kuchipatala, kumene anatilozera kwa mtsikana wa mafizo, wophunzitsa odwala zolimbitsa thupi. Ndinamuyang'ana kuyambira kumapazi: msinkhu wa mdzukulu wanga, m'manja mopanda jakisoni, patebulo popanda botolo. Anandifunsa ntchito zimene ndimagwira, anandiweramitsa, anandikweza mwendo uwu ndi uwo, n'kunena kuti fupa silinathyoke. Akuti minofu ya m'chiuno yatopa ndi kuwerama nthawi yaitali komanso kunyamula katundu osapinda mawondo, ndipo kugonera kumangoifooketsa.

"Kodi si kuti mukungofuna ndichoke pamzere, mankhwala mupatse abale anu?" ndinamufunsa.

Anaseka. "Ayi, agogo. Mankhwala a ululu mulandira, koma msanawu ukufuna muziyenda pang'onopang'ono. Zoti ana azikupondani musiye. Mwendo ukachita dzanzi kapena mkodzo ukamavuta, mubwere msanga."

Ine sindikhulupirira munthu chifukwa cha kuseka kwake kapena chovala choyera. Koma pa zoyendazo ndinadziwa kuti sakunama, poti ndinazionera ndekha ndi maso angawa. Zinazo ndinati ndikaziyese kaye, zikakanika ndidzamuuza pamaso. Mpaka pano sindinapeze chokamuuza.

M'mawa uliwonse ndimatseka chitseko, chifukwa adzukulu amaseka, n'kugona chagada ndikukokera mawondo pachifuwa monga anandionetsera. Ena pamudzi pano ayamba kale kunena kuti gogo uja wasokonezeka. Anene. Ndowa ndimadzaza theka, ponyamula ndimapinda mawondo. Khasu ndinasemetsa mpini wautali, ndipo ndinakhala pomwepo akusema. Masiku ena msana umalumabe, makamaka kukazizira, koma ndimadzuka, ndimatenga ndodo, ndimatsikira kudambo.

Mwezi wamawa ndikuwokera anyezi. Amene akuti amandimvera chisoni abwere ndi keni yake, athirire ine ndikuona.