Chigongono cha Legeni

Tsiku limene dziko lonse linaonetsedwa chigongono cha mlongo wake, Asisi anali atabweza makasitomala onse n'kudzaza saluni yawo ndi anthu oonera mpira. Mipando yolukira tsitsi anaikokera kukhoma, kanema anaikweza pamwamba pa kabati ya mankhwala, ndipo aliyense wa mumsewumo anapeza popachika thako. A Butcha a khomo loyandikana anabwera ndi mpando wawo, osaiwala pakamwa pawo.

Unali mpikisano wa kiriketi wa anyamata a mayiko osiyanasiyana, ndipo mlongo wa Asisi, amene aliyense ankamutcha Legeni, anali wamng'ono pa timu yonse. Pamasewero oyamba anagwetsa omenya mpira mpaka olengeza pa kanema anasasa mawu. Msewu wonse unayamba kunena kuti "mwana wathu".

Kwa inu amene kiriketi simuidziwa, nkhani yake ndi iyi. Woponya amathamanga, n'kuzungulitsa mkono ngati gudumu, mpira n'kupita kukagwetsa timitengo titatu timene womenya akuteteza ndi thabwa lake. Koma mkonowo ukafika m'mwamba usapindike n'kuwongokanso pa chigongono. Ukatero sukuponya ayi, ukugenda, ndipo kugenda n'koletsedwa.

Masewero achiwiri asanayambe, olengeza aja anasiya nthabwala. Anaonetsa Legeni akuponya pang'onopang'ono, anaimitsa chithunzi, n'kujambula mizere yofiira pamkono pake. Chigongono chinali chopindika, ngakhale mwana akanaona. Anati oyimbira masewero adandaula, akuluakulu aunika, ndipo mnyamatayo waletsedwa kuponya.

Kenaka a Butcha anakhosomola.

"Ndiye tonsefe takhala tikuchemerera wakuba?"

Ena anaseka. Wina anati ankakayika kale. Wina, amene dzulo lake anavina mpaka kugwetsa draya youmitsira tsitsi, anati ana odzilera okhaokha amakhala otero, chilichonse amafuna kudutsira kuseri. Asisi anazula waya wa kanema kukhoma, n'kutsegula chitseko mpaka kumapeto. Sanatukwane munthu. Anangoima pamenepo mpaka womaliza atatuluka.

Ine zimandipsetsa mtima ndikafika pamenepa, chifukwa ndikudziwa kumene kugendako kunachokera.

Makolo awo atamwalira, Asisi anasiya sukulu n'kuyamba kuluka tsitsi, ndipo mwanayo anakulira m'kachipinda ka kuseri kwa saluni. Kuseriko kuli kanjira kopapatiza kumene a Butcha amaika migolo ya zinyalala, ndipo makoswe ake ndi onona kuposa amphaka. Amene ankaitana kamnyamatako kuti kadzagende makoswewo anali ndani? A Butcha omwewo. Khoswe akagwa ankaomba m'manja, ndipo dzina la Legeni analipereka ndi iwo.

Atakula pang'ono, aphunzitsi ena anamupatsa mpira m'malo mwa mwala. Timitengo tinkagwa, aliyense ankasangalala, ndipo palibe amene anafuna kuyang'anitsitsa chigongono. Anamukweza, kumukweza, mpaka kukamugwetsera pamaso pa dziko lonse.

Legeni anabwerera kwawo chipewa atachikokera kumaso. Ana a mumsewu ankamuthamangira kumbuyo akukuwa kuti "Wogenda!" Pa foni ndiye musanene. Anthu amene sanagwirepo mpira wa kiriketi chibadwire ankalemba ngati ndi iwo anapanga malamulo. Mnyamatayo anakankhira yunifolomu pansi pa bedi, n'kugona atayang'ana kukhoma.

Patapita masabata, kochi wa timuyo anafika pa saluni. Anali bambo wosachulutsa mawu, ndipo anavomera kuti nayenso anaona chigongonocho kalekale koma anatseka maso chifukwa timu inkapambana. Anati mkono utha kukonzeka, koma liwiro lija lidzapita. Anati mnyamatayo adzayenera kukayesedwa pamaso pa makamera, ndipo akadzamugwiranso akugenda, chiletso chake chidzakhala chachitali. Mpikisano wotsatira unali woti udzachitike pakatha zaka ziwiri, ndipo kwa Legeni unali womaliza, chifukwa ukadzatha umenewo zaka zidzakhala zitamupitirira. Kenaka anafotokoza kuti aziponya mkono utamangidwa m'chinthu cholimba, mpaka thupi liiwale zakale.

Asisi anamuthokoza mouma. Mumtima ankafuna kumuthira madzi otsukira tsitsi.

Kochi atachoka, anagwada pansi pa sinki yosambitsira makasitomala, anamasula paipi yotayira madzi, n'kuidula ndi sowo yobwereka. Anayala thaulo mkati mwake, analowa m'kachipinda kaja n'kufundukula bulangete.

Anayambira pagalasi lalikulu la mu saluni. M'mawa makasitomala asanafike, Legeni ankazungulitsa mkono uli m'paipi, Asisi ataima kumbuyo, maso pa chigongono. Kenaka ankapita m'kanjira ka makoswe kaja. Timitengo tawo tinali mabotolo atatu a shampu othiramo mchenga.

Abale, zinali zomvetsa chisoni. Mpira unkapita kumene wafuna. Wina unagwera m'mgolo wa zinyalala, wina unakwera padenga, wina unaswa windo la a Butcha, omwe anatuluka ndi chikwanje cha nyama m'manja n'kufunsa ngati wakubayo wayamba tsopano kuthyola nyumba. Paipi inkanyula khungu mpaka magazi kudontha pa thaulo. Amayi odzalukitsa tsitsi ankafunsa mwachifundo chabodza kuti kodi mwanayo sangaphunzire ukalipentala. Asisi ankangokoka tsitsi mwamphamvu pang'ono, funso n'kutha.

Atapita kukayesedwa koyamba, analephera. Popanda paipi, chigongono chinkabwerera ku makoswe ake.

Madzulo a tsiku limenelo Legeni anaponya paipi ija pansi pakati pa saluni, makasitomala alipo.

"Achemwali, mkono uwu ndi umene unandikweza ndege. Mukufuna ndiuphe ndekha kuti ndisangalatse ndani? A Butcha?"

Asisi anasiya mutu wa kasitomala uli theka.

"A Butcha ndi ndani kwa iwe? Ine sindinasiye sukulu kuti ndilere munthu woti akamutcha wakuba azikagona chafufumimba. Ukafuna kusiya kiriketi usiye, koma udzasiye mkono uli wowongoka. Tola paipiyo."

Legeni analira, koma anatola.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zinayenda bwino. Mvula inabwera, kanjira kaja kanasanduka matope, iye akuponyabe. Dzuwa linabwera, mabotolo a shampu anang'aluka, Asisi n'kuika ena. Masiku ena Asisi ndi Legeni sankalankhulana n'komwe: wina ankaponya atakwiya, wina ankatola mpira atakwiya. Liwiro silinabwerere lonse. Koma posowa liwiro, mnyamatayo anaphunzira zimene kale sankazilabadira: kugwira mpira pamsoko, kuugwetsa pamalo amodzimodzi, kuupangitsa kukhota ukagunda pansi.

Atapita kukayesedwa kachiwiri, anakhoza. Pa timu ya mpikisano wotsatira dzina lake linatuluka pomalizira penipeni.

Mpikisano utayamba, anthu aja anayamba kubwera mmodzimmodzi ngati agalu amene anaba nyama dzulo. Wina ankati akungodutsa, wina ankati wabwera kudzatchaja foni. Kanema yaikulu mumsewumo inali ya Asisi yokha. Anawalola kulowa, koma moni sanawapatse. A Butcha anabwera pomaliza, n'kukhala pafupi ndi chitseko.

Masewero oyamba Legeni sanasewere, ankangoperekera anzake madzi. Achiwiri chimodzimodzi. Anthu a mu saluni anapeza akatswiri ena atsopano owachemerera: kamnyamata kena kamanzere komenya mpira ngati kakwiyira munthu, ndi wina wamtali wa dziko lina amene aliyense ankalumbira kuti zaka zake n'zobera. Za Legeni ankangonong'ona kuti anapita kukaona mayiko.

Pamasewero achitatu, amene timu ikagonja inkayenera kulongedza katundu, woponya wina anavulala mwendo, ndipo Legeni analowa. Anaponya bwino, mosachititsa kaso. Oyimbira masewero ankamuyang'ana ngati mlonda wa m'sitolo, ndipo olengeza sanaiwale kukumbutsa dziko lonse za mizere yofiira ija.

Kenaka masewero anafika pothina. Adani anatsala ndi mapointi ochepa kuti apambane, koma omenya awo anali atatsala pang'ono kutha. Mmodzi yekha akagwa, basi. Kaputeni anayang'ana uku ndi uku, n'kupereka mpira kwa Legeni.

Mpira woyamba, womenya anautumiza kunja kwa bwalo n'kuonjezera mapointi. Wachiwiri anaumenyanso, anyamata n'kuuthamangira mpaka kumalire. Saluni yonse inadzuka. Aliyense ankadziwa kuti mkono wakale uja ukanakhalapo, womenyayo sakanauona n'komwe mpira. Ndipo a Butcha, a Butcha omwe aja, anakwera pampando wawo.

"Genda, mwana iwe! Genda kamodzi kokha, sakuona!"

Ena anagwirizana nawo. Genda, genda, saluni yonse. Pakamwa pomwe paja pamene panamutcha wakuba! Anthu inu, manyazi anapita kuti? Asisi sanagwirizane nawo. Ankadziwa kuti nayenso mnyamatayo, kutali konseko, thupi lake likumuuza zomwezo. Akapinda chigongono kamodzi, timu ipambana lero, msewu uvina, ndipo mawa mizere yofiira ibweranso, iye n'kuthera pompo.

Asisi sanayang'ane mapointi. Sanayang'ane womenya. Maso ake anali pamene anakhala zaka ziwiri zonsezo.

Legeni anapukuta mpira pa thalauza, anayang'ana pansi kanthawi, n'kuyamba kuthamanga. Mkono unakwera, unazungulira, n'kutsika uli chiwongokere ngati ukadali m'paipi ya sinki. Mpira sunali wothamanga. Womenya anautsatira ndi mphamvu zake zonse, koma utagunda pansi unakhotera mkati, unadutsa pakati pa thabwa ndi mwendo, ndipo kamtengo kapakati kanazuka n'kugubuduka.

Zimene zinachitika mu saluni sindingazifotokoze bwino. Draya inagwanso. Wina anakumbatira munthu amene sankalankhulana naye. A Butcha ankakuwa kuti "mwana wathu, mwana wathu," misozi ili m'maso, ndipo ankauza aliyense kuti dzina la Legeni analipereka ndi iwo.

Asisi anakweza mawu a kanema mpaka onse anatembenuka. Olengeza anali akuonetsanso mpira womaliza uja pang'onopang'ono. Anaimitsa chithunzi pamene mkono unali m'mwamba, n'kujambula mzere kuchokera paphewa mpaka padzanja. Unali umodzi, wowongoka.

Asisi anawagwira a Butcha pa epuloni, n'kuwakokera kutsogolo kwa kanema.

"Yang'anani. Munamuuza kuti agende makoswe, anagenda. Atagenda munati ndi wakuba. Lero mumati agendenso. Akanakhala mwana wanu akanakumverani, bambo. Uyu ndi mlongo wanga."

A Butcha anangotembenuka. Ananyamula mpando wawo n'kutuluka.

Anthu atabalalika, foni inalira. Legeni sanafunse ngati anaona kamtengo kakuzuka. Anafunsa kuti, "Achemwali, chinali bwanji?" Asisi anayankha kuti chinali chowongoka, kenaka anakhala pansi pa sinki ija n'kulira kulira konse kumene anakusunga zaka ziwiri.

Paipi ija ilipobe. Yapachikidwa pamwamba pa galasi, thaulo lake lamadontho lili momwemo, ndipo makasitomala atsopano amafunsa ngati ndi chida cholukira tsitsi.

Tsono inu amene mwagwa anthu akuona, amene dzina lanu lasanduka nthabwala ya mumsewu, mvetserani. Okuchemererani lero ndi omwewo adzakutukwaneni mawa, ndipo mkuja adzakuuzani kuti mubwereze cholakwa chomwecho kuti iwo avine. Musamangire moyo wanu pa phokoso lawo. Ngati pali chopindika mwa inu, chivomereni, chiwongoleni, ngakhale ziwawe, ngakhale mubwerere muli ochedwa kuposa kale. Kwiyani ngati mukufuna, lirani ngati mukufuna, koma m'mawa mudzuke mutole paipi yanu. Mtima wokhawo musautaye.