Mkanjo wa Mfumu ndi Masamba a Pamsewu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anakhala mfumu kwa tsiku limodzi. Tinkakhala ku Chinsapo, m'nyumba ya lendi yoyang'ana kamsewu kafumbi kotsikira kumsika. Musayembekezere kuti nkhaniyi ndiikometsa. Sukulu ndinaisiyira mu Fomu 2, ndipo mawu okometsera ndinawasiya komweko.

Bambo anali telala. Ankasokera pakhonde, makina awo akuda ali pakathebulo, tepi ili m'khosi. Ndili wamng'ono khonde limenelo silinkasowa anthu: amayi a kutchalitchi ofuna mayunifolomu, anyamata ochepetsa mathalauza a pakaunjika, atsikana a madiresi a Khirisimasi. Kenako bambo anayamba kutsokomola. Anaonda mpaka shati iliyonse inkaoneka ngati yobwereka. Masiku amenewo munthu akaonda chotero, anthu sankafunsa kuti akudwala chiyani, ankangogwirizana okha m'makona. Makasitomala anatha mmodzimmodzi. Ena ankadutsa tsidya lina la msewu, nsalu ili m'khwapa, kupita kwa telala wa kumsika. Moni ankapereka, inde, koma akuyenda.

Ine nthawi imeneyo mtima wanga unali ku vidiyo. Kuseri kwa msika kunali chisakasa cha malata akale ndi mapepala akuda, chonunkha thukuta ndi utsi wa jenereta, kumene ankaonetsa mafilimu. Mwini wake anali Sitivi, mnyamata wamkulu wa ndevu zodula bwino, amene ankafuna kuti aliyense azimutcha Dairekita ngakhale anali asanajambulepo china koposa maukwati. Ndinkakonda mafilimu a mafumu akale, makamaka a ku Nigeria. Chingerezi chake sindinkachimva chonse, koma sizinkandivuta. Zovala zinkandiuza zonse. Wa mikanda yofiira yolemera m'khosi, chikopa cha kambuku chili paphewa, ndiye mfumu. Wopaka choko choyera kuzungulira diso ndi wamaula. Mkazi akavala zakuda n'kumaseka yekha, dziwani kuti chakudya wathiramo kale mankhwala. Mtsikana wa nsalu yoyera ndi mtsuko pamutu alira filimu yonse, koma pomaliza akwatiwa kunyumba yachifumu. Mapeto ndinkawadziwa filimu isanafike pakati, ndipo ndinkadziona wochenjera kuposa onse a pabenchi.

Tsiku lina Sitivi anafika pakhonde pathu atanyamula chijumbo cha makatani akale ofiira. Ananjuta mwaulemu umene ndinali ndisanamuonepo nawo.

"Madala, ndikujambula filimu ya mafumu athu akale. Ndikufuna mkanjo wa mfumu. Ndipo mfumuyo ndinu."

Bambo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. "Ine? Mfumu yake yodya chiyani imeneyo?"

"Msinkhu muli nawo, madala. Nkhope muli nayo. Zotsalazo ndi nsalu basi. Tijambulira pompano, pakhomo panu, Chinsapo yense akuoneni."

Mawu omalizawo ndi amene anawakola bambo. Ndinaona maso awo akuwala, koma ndinaonanso china. Sitivi polankhula sankayang'ana bambo. Ankayang'ana msewu, kumtunda ndi kumunsi, ngati munthu wofuna kugula malo. Madzi amene ndinamupatsira sanamwe, ndipo potsanzika manja anali m'thumba.

Atachoka, amayi sanachedwe. "Bambo a Esinati, amuna onenepa adzaza Chinsapo yense. Mnyamata ameneyu wawadumpha onsewo chifukwa chiyani? Nanga mafumu akalewo ankagona m'nyumba ya malata?"

"Anangozo, ndisiyeni," anatero bambo. "Ndikufuna anthu andione nditaimirira. Akauona mkanjo umenewu adziwa kuti manja awa akadasoka. Abweranso."

Nkhani yonse inali imeneyo. Bambo sankafuna kutchuka. Ankafuna kuti khonde lawo lidzazenso.

Sindinawaonepo akusoka chinthu mosamala chotero. Anang'amba matiresi akale, siponji yake n'kuisokerera m'mapewa ndi pachifuwa. Kolala anaikweza mpaka kuchibwano kuti ibise khosi. Manja a mkanjo anawatalikitsa kuti zala zokha zizioneka. Mphonje zagolide za makatani aja anazizunguliza m'mphepete monse. Chikopa cha kambuku chinali chidutswa cha bulangeti lamawangamawanga, chisoti chinali katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya tiyi. Ankapalasa makina pang'ono, n'kupuma, n'kutsokomola, n'kupalasanso. Ine anandisokera nsalu yoyera, poti ndinali mwana wa mfumu wonyamula litchowa. Tsiku limene anayesa mkanjowo, ndinangoti kukamwa yasa. Pakati pa nyumba panaima bambo anga akale, a mapewa otambalala, aja ankandinyamula ndi dzanja limodzi. Ngakhale amayi anatembenukira kukhoma kwa kanthawi.

Komabe chinthu chimodzi chinkandisowetsa mtendere. M'mafilimu onse amene ndinaonera, mfumu ikamatuluka pamakhala khamu la anthu ogwada. Sitivi anali ndi anyamata awiri okha a mikondo yansungwi. Ndinamufunsa pakhomo la vidiyo yake.

"Achimwene, anthu a mfumu ali kuti?"

"Iwe kamtsikana, mafunso ngati wapolisi bwanji? Anthu apezeka."

"Apezeka kuti?"

"Ukufuna kulowa kapena ukufuna kundizenga mlandu?"

Tsiku lojambula linali Loweruka. Sitivi anabwera m'mawa n'kuwauza bambo kuti avaliretu, atseke chitseko, ndipo asatuluke mpaka iye awaitane. Anati mfumu sionekera wamba. Amayi anali kuseri kwa nyumba akusita nsalu yanga yoyera ndi simbi ya makala, ine n'kunditumiza kukatunga madzi.

Pobwerako, ndowa ili pamutu, ndinapeza nthambi zaziwisi za mango zitayalidwa kupingasa msewu. Zina zinali kumunsi, kupitirira nyumba yathu. Nyumba yathu inali pakati. Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo lake. Masamba akayalidwa pamsewu ndiye kuti pali maliro. Wa njinga amatsika, galimoto imayenda pang'onopang'ono, wailesi amaizimitsa, amuna amavula zipewa. Ndinaganiza za bambo, ngakhale ndinali nditawasiya amoyo akumeta ndevu. Kenako ndinaona anyamata a mikondo aja atakhala pachulu, zikwanje zili pambali, akupukuta utomoni m'manja.

Sitivi anali ataimika kale kamera pamiyendo yake itatu. Sinayang'ane chitseko chathu chokha ayi. Anaiika patali, poti itenge bwalo lonse ndi msewu womwe.

"Masambawa mwaika bwanji?" ndinamufunsa.

"Ndi a filimu. Kale mfumu inkayenda pamasamba. Komanso a kabaza asatisokoneze."

"Anthu aganiza kuti ndi maliro."

"Zoganiza anthu si ntchito yanga."

Ndinatula ndowa n'kuyamba kukokera nthambizo m'ngalande. Ndisanamalize, mbama inandipeza patsaya mpaka khutu linalira. Anali Anachisale, aneba athu a nyumba yachiwiri, duku lili kumutu, mtolo wa nkhuni atauponya pansi.

"Mwana iwe wapenga? Maliro a bambo ako omwe, ukuchotsa masamba?"

"Bambo sanamwalire!"

"Kalanga ine, mutu wamusokonekera," Anachisale anawauza amayi ena amene anali pambuyo pawo. Anandikumbatira mwamphamvu, nkhope yanga ili m'chitenje chawo chonunkha utsi, ndipo mmene ndinkakuwa ndi mmenenso ankandipanikizira.

Anthu anabwera mofulumira moti mpaka lero zimandinyansa. Amayi a zitenje ndi maduku, mbale za ufa zili m'manja, anakhala pansi pabwalo pathu. Amuna anakhala tsidya la msewu, m'mphepete mwa mpanda, zipewa zili pamaondo. Ndinawaona onse aja ankadutsa ndi nsalu m'khwapa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti wamwalira ndani. Anali akudziwa kale. Anali atakhala akudikira. Wina anayambitsa nyimbo ya maliro, wina n'kuyamba kulira mokweza. Amayi anga anatulukira kuseri kwa nyumba simbi ili m'manja, ndipo asanatsegule pakamwa, akazi anawagwera akulira. Ndinawamva akufuula kuti, "Mukulira ndani? Ndati mukulira ndani?" koma mawu awo anamira m'nyimbo.

Nyumba yathu inalibe siling'i, zenera lake linali la katoni. Bambo anamva zonse. Anamva dzina lawo likutchulidwa m'maliro awo omwe, iwo atakhala pampando, chisoti chili kumutu.

Pamenepo ndi pamene Sitivi anaika diso pakamera n'kukuwa kuti, "Mfumu ituluke!"

Chitseko chinatseguka. Bambo anaima pakhonde, ofiira kuyambira kukhosi mpaka kumapazi, mphonje zikunyezimira padzuwa. Nyimbo inadukira pakati. Mbale ya ufa inagwa. Mwana wina anathawa akukuwa. Mkulu wina amene ankati aimirire anangogwa chogwada, akazi ena anaphimba nkhope, ena anaweramira pansi. Kunali zii, kupatula kamera imene inkalira pang'onopang'ono.

Bambo anali ataloweza mawu aatali onena za nkhondo ndi adani a fuko. Sananene ngakhale limodzi. Anayang'ana anthu aja mmodzimmodzi, kenako maso awo anaima pamtolo wa nkhuni.

"Anachisale, nkhuni zimenezo ndi zanga?"

Anachisale anandisiya.

"Mwabwera msanga," anatero bambo. "Miyezi yonseyi ndimayesa njira ya pakhomo pano munaiwala."

Anakweza dzanja, kaya kutsanzika kaya kuwabalalitsa, ndipo dzanja la mkanjo linatsetsereka mpaka m'chigongono. Mkono wawo weniweni unaonekera, woonda ngati mpini wa tsache. Anauyang'ana iwo eni, anautsitsa, n'kubwerera m'nyumba.

Ndinawatsatira. Mabatani a mkanjo ndinawamasula ndine. Siponji ija inali itanyowa ndi thukuta, yolemera ngati yoviikidwa m'madzi. Mkanjo utagwa pansi, pampando panatsala munthu wochepa kuposa amene anauvala m'mawa.

"Esinati," anatero, "uitane mayi ako mulowetse makina m'nyumba."

Sanasokerenso pakhonde.

Mukuganiza kuti anthu anamukwiyira Sitivi? Pang'ono chabe. Mkwiyo weniweni unagwera ife. Ankati banja lathu limasewera ndi imfa. Ena ankati mkanjo wofiira uja unali wa zausatana, kuti bambo ankafuna kusinthanitsa moyo wawo ndi wa mwana wa munthu wina. Amayi atapita kukamufunsa Sitivi, iye analumbira kuti sanaganizeko n'komwe za maliro, anati luso anthu wamba salimvetsa. Umboni woti ananama ndilibe. Koma munthu wokulira ku Chinsapo amene sadziwa tanthauzo la masamba pamsewu sindinamuonepo. Ankafuna khamu la anthu ovala zitenje, okhala pansi, amuna kwaokha akazi kwaokha, opanda zipewa, a nkhope zamantha. Ankadziwa kuti m'kamsewu konse kaja munali khomo limodzi lokha limene anthu akanathamangirako osafunsa. Bambo sanawasankhire msinkhu kapena nkhope. Anawasankhira chifuwa.

Filimuyo inatuluka, ndipo ndinapita kukaionera m'chisakasa muja. Chimene chimandipweteka n'chakuti inali yokongola. Mfumu itaima pamwamba, mapewa ngati a njati, anthu ake atagwada, ena akulira. Nyimbo ya maliro anaichotsa n'kuikapo ng'oma. M'kamwa mwa bambo anaikamo mawu a munthu wina, okhuthala, olamula nkhondo. Pamene mkono unaonekera anadulapo. Anyamata a pabenchi anaomba m'manja. "Koma mfumu iyi ndi yoopsa, aise! Taona anthu akunjenjemera!" Ndikanakhala kuti sindinalipo tsiku lija, nanenso ndikanaomba nawo, ndipo ndikanawauza anzanga kuti ndazindikira mfumu yamphamvu chifukwa cha mkanjo wofiira ndi chikopa cha kambuku.

Bambo anamwalira mvula ya chaka chomwecho itayamba. Masamba atayalidwa, aneba anayamba atuma ana kudzasuzumira ngati pali kamera. Anabwera pambuyo pake, mochedwa, ndipo nyimbo zawo zinali zotsika.

Ndinakula ndikukhulupirira kuti chovala chimanena zoona, kuti ukadziwa mitundu ya nsalu ndi mikanda ndiye kuti wadziwa munthu. Tsopano ndikudziwa kuti mkanjo uliwonse pali chimene ukubisa, ndipo wousoka amadziwa pamene anaika siponji. Ndikudziwanso kuti mkanjo pawokha supanga mfumu. Bambo akanatuluka ndi mkanjo womwewo pabwalo lopanda anthu, akanangokhala telala wodwala wovala makatani. Chimene chinawasandutsa mfumu ndi anthu ogwada aja, ndipo anthuwo sanabwerere mfumu.

Mafilimu a mafumu ndimaonerabe, sindinama. Koma mfumu ikatuluka, chisoti chake sindichiyang'ana. Ndimayang'ana kumbuyo, kwa anthu ogwada m'fumbi, nkhope imodzi ndi imodzi, n'kumadzifunsa kuti amenewa powaitana anawauza kuti kuli chiyani.